Mpando wa Malemu a Chipewa

Lipoti la katswiri wa zolembalemba linafika Lachitatu m'mawa, ndipo bwana wanga anabwera nalo okha pa desiki yanga, zomwe amachita akafuna kundiona ndikuchita manyazi. Analiponya pamwamba pa mafayilo anga n'kuimirira pomwepo, manja ali m'thumba. Katswiriyo anadzaza masamba atatu kuti anene chinthu chimodzi chokha: siginecha ya pa kalata ija inali ya Azamba enieni, panalibe woikopera.

"Sajeni, mayi anu aja akunama," anatero bwana. "Tsekani fayiloyi. Ngati mukusowa chochita, atsegulireni mlandu wonamiza apolisi."

Ndinapempha masiku awiri. Anandipatsa, osati chifukwa chondikhulupirira, koma chifukwa amadziwa kuti ndikakanizidwa chinthu ndimayenda ndi nkhope yosowetsa mtendere ofesi yonse. Ndatha zaka makumi awiri ndi zitatu mu polisi, ndipo nkhope imeneyi yandithandiza kuposa maphunziro onse amene ananditumizako.

Nkhani yake inali yotere. Phungu wa chigawo chathu, amene tonse tinkawatchula a Chipewa chifukwa sankachivula ngakhale m'galimoto, anamwalira mwadzidzidzi patatsala chaka ndi theka kuti tivotenso. Mayiko ena zikatero amachititsa chisankho chapadera, anthu n'kukaimanso pamzere. Kwina chipani chimangoloza munthu amene chamufuna. Kwathu kuno lamulo ndi lina. Pa chisankho chachikulu timavotera chipani, ndipo chipani chilichonse chimapereka mndandanda wa mayina asanu pa chigawo, olembedwa motsatana. Mpando ukatsala wopanda munthu, amakhalapo ndi amene akutsatira pa mndandandawo. Ngati sakuufuna, ayenera kuukana ndi kalata yosayinidwa pamaso pa mboni mpandowo utatsala kale, ndipo zikatero umapita kwa wotsatira wake.

Wotsatira a Chipewa anali mayi wothandiza amayi pobereka ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi msika, amene aliyense amangowatchula Azamba. Chipani chinawaika pa nambala yachiwiri kuti chikokere mavoti a amayi, osaganiza kuti a Chipewa nawo ndi munthu woti angafe. Pa nambala yachitatu panali a Malata, mwini sitolo ya malata ndi simenti, amenenso ndi mlamu wake wa mlembi wamkulu wa chipanicho.

Azamba atapita ku Nyumba ya Malamulo ndi ziphaso zawo, kalaliki wa Nyumbayo anawaonetsa kalata yonena kuti iwo anaukana mpandowo. Anachoka kumeneko n'kubwera kwa ine akulumbira kuti sanalembepo kalata yotero. Ndinawakhulupirira, ndipo tsopano katswiri anali atandivula. A Malata anali oti alumbira Lachisanu 2 koloko masana. Munthu akangolumbira, womuchotsa ndi khoti lokha, ndipo khoti lathu chaka ndi theka limakhala likadafunafuna magalasi. Lachisanu likanadutsa, mpando wa Azamba unali utapita basi.

*

Ndinawapeza kunyumba kwawo masana omwewo, atakhala pa mpando wa pulasitiki, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Nyumbayo ndi ya zipinda zitatu, kuseri kwa malo okwerera mabasi. Pakhoma panali chithunzi cha mwana wawo wamkazi atavala mkanjo wa ku koleji, ndi kalendala ya chaka chatha imene sanaichotse chifukwa imabisa mng'alu. Amuna awo, amene amameta anthu pamsika, anali atatseka msanga. Anati atopa ndi makasitomala ofunsa ngati n'zoona kuti akazi awo anaugulitsa mpando.

Ndinawapatsa Azamba lipotilo, sindinabise mawu. Anawerenga pang'onopang'ono akutsatira ndi chala, kenako anayang'anitsitsa chithunzi cha kalata ija.

"Dzanjali ndi langa, achemwali, sindingalikane," anatero motsitsa mawu. "Koma mawu awa sindinawaonepo. Amayi akuberekera pansi m'chipatala chija chifukwa mabedi alipo anayi okha. Ndiye ine ndipeze pokanenera zimenezi, n'kukana?"

Kalatayo inali ndi tsiku la Lolemba pa 14, ndipo mboni yake anali mlembi wamkulu wa chipani. Ndinafunsa kumene anali tsiku limenelo. Anati anachezera ku ntchito, ndiye Lolembalo anagona mpaka masana. Amuna awo anali kumsika. M'nyumba munali apongozi awo okha, mayi wokalamba amene anakhala pakona akusokerera batani. Iwo anatsimikiza mwamphamvu kuti mpongozi wawo sanatuluke, anaona ndi maso awo. Nditafunsa kuti linali tsiku lanji anati Loweruka. Nditafunsanso anati linali tsiku lija kunagwa mvula, chonsecho mwezi wonsewo kunalibe ngakhale mtambo. Umboni wotere loya aliyense angaumeze osatafuna.

Amuna a Azamba anandiperekeza mpaka pageti. Anandiuza kuti akazi awo sakudya, ndipo zikatha chonchi sakudziwa ngati adzadutsanso pamsika osawerama. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinawalonjeza zinthu zimene wapolisi sayenera kulonjeza.

Chimene ndinali nacho m'manja chinali chochepa. Pamene ndinaigwira kalata yeniyeniyo ku ofesi ya kalaliki sabata yapitayo, ndinaona zinthu ziwiri. Tsiku silinalembedwe ndi cholembera ngati siginecha, linadindidwa ndi chidindo cha inki yapepo. Komanso m'mbali mwa pepalalo munali mabowo awiri a fayilo, onse ali ndi dzimbiri pang'ono. Kalata ya masiku ochepa siyenera kukhala ndi dzimbiri, koma dzimbiri sungalitengere kukhoti kuti likalankhule.

*

Mlembi wamkulu wa chipani anthu amawatchula a Bweranimawa, ndipo aliyense amene anapitako ndi vuto amadziwa chifukwa chake. Ofesi yawo ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Umayamba wadutsa m'chipinda chakunja, mmene muli makabati anayi achitsulo ndi mayi wachikulire wotayipa. Mayiwo sanadzutse mutu pamene ndinkadutsa, inenso ndinangoti zikomo osaima.

A Bweranimawa ine sanandiuze kuti ndibwere mawa. Anandilandira ndi manja awiri n'kundipatsa mpando wofewa. Amalankhula mofatsa, akupinda mutu chammbali ngati akukupepesa maliro. Anati Azamba anafika 10 koloko m'mawa Lolemba lija, ali okha, maso ali ofiira. Akuti Azamba anadandaula kuti iwo ndi munthu wa m'chipatala, zokangana m'Nyumba ya Malamulo sangazithe. A Bweranimawa monga kholo akuti anayesetsa kuwalimbitsa mtima koma zinakanika, ndiye anasayina ngati mboni mtima ukuwawa. Zoti lero akukana kalata yawo yomwe, anati ndi amuna awo amene awatembenuza mutu atamva kuti phungu amapatsidwa galimoto.

Ndinafunsa wina amene anawaona Azamba tsikulo. Anati mlonda wa pakhomo anapita kwawo ku maliro, sakudziwa tsiku lobwera. Za chidindo anati ndi mmene amachitira pa ofesipo. Nditatchula dzimbiri anaseka pang'ono.

"Mayi Sajeni, chipani chathu n'chosauka, timagwiritsa ntchito mapepala akalekale. Kodi umphawi nawo wasanduka mlandu?"

Tili mkati molankhula analowa a Malata osagogoda, atanyamula suti yatsopano yokutidwa ndi pulasitiki. Ndi munthu wamkulu thupi, wozolowera kulankhula mopitirira phokoso la malata, moti ngakhale akamanong'ona amamveka pamsewu. Anadandaulira mlamu wawo kuti telala wafupikitsa manja a jekete. Atandiona anandigwira chanza mpaka mphete kundiluma chala, n'kunena kuti iwo mpando sanaupemphe, wachita kuwapeza ali pa ntchito zawo. Kenako anatulutsa khadi loitanira anthu kuphwando la Lachisanu n'kundipatsa, akuti ndibwere ndi abambo akunyumba.

Khadilo ndinalilandira chifukwa ndinaleredwa bwino. Ndinatsika masitepe mtima ukuwira, ndipo pa masiku anga awiri limodzi linali litatha.

*

Lachinayi m'mawa ndinapita kwa akazi a malemu, osati chifukwa ndinali ndi nzeru ina, koma chifukwa ndinalibe kwina kopita. Ndinapeza abale a mwamuna ali pakhonde akugawana zipewa, ndipo azilamu awiri anali atasiya kulankhulana chifukwa cha chimodzi chakuda. Mayiwo anandikokera kukhitchini n'kutseka chitseko. Ndi munthu wosazungulira polankhula, ndipo chisoni chinali chitawachotsa mantha.

Anati a chipani analankhula zokoma pamaliro, koma ndi omwewo amene anawadwalitsa amuna awo. Kawiri konse a Chipewa anafuna kuvota motsutsana ndi chipani, ndipo kawiri konse anabwera kunyumba ali duu, chakudya osachikhudza. Ndinafunsa chimene munthu wamkulu ngati ameneyo ankaopa.

"Kalata yawo," anatero mayiwo. "Mlembi uja sankawakalipira. Ankangoimba foni n'kunena kuti, achimwene, lero ndimakonza m'kabati."

Ndinawauza kuti sindinamve, ndipo anadabwa kuti wapolisi wamkulu ngati ine sadziwa zimene mkazi aliyense wa phungu amadziwa. Anati chipani chimenechi chili ndi mwambo wake umene sunalembedwe paliponse. Munthu asanaikidwe pa mndandanda, amasayiniratu kalata yokana mpando, kapena youtula ngati ali kale pampandopo, koma malo a tsiku amawasiya opanda kanthu. Kalatayo imatsekeredwa ku ofesi. Ukadzayamba mwano amangoikapo tsiku, ndipo umadzamva pa wayilesi kuti watula pansi udindo.

Ndinawaimbira Azamba ndisanatuluke pageti. Anakumbukira holo yodzaza anthu zaka zitatu ndi theka zapitazo, mulu wa mapepala patebulo, a Bweranimawa akuloza ndi chala kuti apa, apa, apanso. Iwo ankafulumira chifukwa ku chipatala anasiya mayi wodwala, ndiye sanawerenge ngakhale tsamba limodzi. Analira pa foni chifukwa cha manyazi, ndipo ndinawauza kuti alire msanga amalize, ntchito ikadalipo.

Tsopano ndinadziwa mmene zinayendera, koma kudziwa si umboni. Mawu a mayi wamasiye wokwiya a Bweranimawa akanangowapepesa n'kuwakankhira pambali. Ndinafunika kuona m'kabatimo, ndipo apa m'pamene ndinakumbukira kuti pali munthu amene amakhala pafupi ndi makabatiwo tsiku lililonse.

*

Masanawo a Bweranimawa anali ku hotela kukonzekera phwando la mlamu wawo, ndiye mayi wotayipa anali okha. Ulendo uno ndinawapatsa moni wathunthu, n'kufunsa za kunyumba ndi za ana. Anavula magalasi n'kuyankha mwachidule. Pa desiki pawo chilichonse chinali pamalo pake, zolembera zitatu zitaloza mbali imodzi, ndipo pambali pake panali chidindo cha tsiku chitakhala pa kabokosi ka inki yapepo.

Ndinafunsa ngati anawaona Azamba Lolemba pa 14. Anayankha kuti sanabwere. Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere dzulo.

"Munandifunsa?" anatero. "Inu apolisi mumafunsa ovala mataye. Ine munandidutsa ngati kabati yachisanu."

Zinali zoona.

Anafotokoza mwadongosolo ngati akuwerenga. Lolemba lija a Bweranimawa anatuluka mu ofesi yawo n'kunena kuti Azamba avomera pa foni kuti mpando sakuufuna, choncho atulutse kalata yawo mu fayilo ya chigawo, adindepo tsiku. Iwo anachita zomwezo. Anaijambula pa makina n'kuika chojambulacho m'malo mwake, monga amachitira ndi pepala lililonse lotuluka. Za mboni panalibe vuto, chifukwa bwana anasayiniratu makalata onse tsiku lomwe lija la mu holo. Anangoitenga, kuiika mu envelopu, n'kutuluka.

Umenewu unali umboni, koma wa munthu mmodzi wolembedwa ntchito, ndipo ndinkadziwa kuti bwana wawo adzangoti mayiwa akalamba, akusokoneza masiku. Ndinapempha kuona fayiloyo. Anazengereza. Ndinati mwina ili yosalongosoka, ndiye ndikhoza kudikira kuti ayambe aikonza. Sindinamalize n'komwe, kabati inali itatseguka kale.

Fayiloyo anaiika patsogolo panga moongoka bwino. Pamwamba penipeni panali kalata yofanana ndendende ndi ya Azamba, mawu omwewo, mboni yomweyo, mabowo a dzimbiri omwewo. Tsiku lake linali Lolemba pa 14, la inki yapepo. Wosayina anali a Chipewa, amene tinawaika m'manda Loweruka pa 5.

Ndinatembenuza tsamba. Panali chojambula cha kalata ya Azamba. Pansi pake panali kalata ya a Malata, nayo ya pa 14, kenako ya wachinayi ndi ya wachisanu, onse a tsiku lomwelo. Ndinawayang'ana mayiwo, ndipo iwo anandiyang'ananso osaona chodabwitsa.

"Zaka makumi atatu ndikusunga mafayilo, sindinasungepo pepala lopanda tsiku," anatero. "Awa okha ndi amene ankandiletsa, ndipo akhala akundipweteka mtima nthawi yonseyi. Tsiku lija atatsegula okha njira, ndinati makalata ofanana, a fayilo imodzi, ina ili ndi tsiku, anayi alibe. Munthu akadzaona adzati wotayipa wa pano ndi waulesi. Ndiye ndinamaliza onse."

Ndinafunsa ngati bwana anaziona. Anati bwanawo sanatsegulepo fayilo chibadwire, amangoitanitsa.

Kuti ndiitenge anakana kwamtuwagalu. Anati pepala silituluka mu ofesi yawo popanda chilolezo cholembedwa, kaya wabwera ndi ndani. Ndinawaimbira bwana wanga kuti athamangire chikalata cha khoti, ndipo ine ndinakokera mpando wanga n'kutsamiza msana pa kabatiyo. Ndinakhala pamenepo maola awiri, mtima uli m'mwamba nthawi iliyonse ndikamva phazi pa masitepe. Phazi lachisanu linali la bwana wanga, akupuma mwawefuwefu, chikalata chili m'manja. Anawerenga kalata ya malemu kawiri, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. Mayi wotayipa anawadikira kuti amalize, n'kuwasayinitsa m'buku la mapepala otuluka.

*

Lachisanu 12 koloko tinali mu ofesi ya kalaliki wa Nyumba ya Malamulo. Kalalikiyo ndi bambo woonda, amene malamulo onse a Nyumbayo ali m'mutu mwake ndipo saseka pa ntchito. Anaitanitsa a Bweranimawa ndi a Malata ponena kuti pali mapepala oti aonedwe mwambo usanayambe. Anabwera osangalala, a Malata ali mu suti ija, duwa pachifuwa, manja a jekete akadali aafupi. Azamba ndinawasiya pa benchi panja ndi amuna awo. Anachokera ku ntchito, ali mu yunifolomu yawo ndi nsapato zafulati, ndipo sindinawauze chilichonse poopa kuwapatsa chiyembekezo kawiri.

Ndinayamba modzichepetsa, ngati munthu wofuna kutseka fayilo yake bwinobwino. Ndinafunsa kalaliki chimene kalata yotere imachita ikafika pa desiki pake. Anati ikakhala ndi siginecha, tsiku ndi mboni, mpando umamudumpha munthuyo, palibenso zokambirana. Ndinafunsa a Bweranimawa ngati siginecha yawo ya mboni imatanthauza kuti munthuyo anamuonadi akusayina pa tsiku lolembedwalo. Anayankha mofatsa kuti iwo sasayinira munthu amene sanamuone, ndipo ananena kuti ndilembe zimenezo. Ndinalemba. Kenako ndinafunsa maganizo a a Malata.

"Munthu akasayina wasayina, amayi," anatero. "Zolira pambuyo ife amalonda sitizidziwa."

Ndinatulutsa kalata yawo n'kuiika pa desiki.

Anaiwerenga akumwetulira, kenako anaiwerenganso kumwetulira kutatha. Kalaliki anaikokera kwa iye, anayang'ana siginecha, tsiku ndi mboni, n'kunena mosasintha mawu kuti malinga ndi kalatayi, a Malata nawo anaukana mpandowo pa 14, choncho sangalumbire. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa a Malata kulowa mu kolala yatsopano.

"Iyi ndi yakalekale," anatero, mawu aja akumveka mpaka panja. "Tinasayina tonse mu holo, Azamba anali kutsogolo kwanga pamzere. Alamu, si munati makalatawa ndi ongosunga? Yangayi yafika bwanji pano?"

A Bweranimawa anayesa kuwaponda phazi koma anachedwa. Komabe sanagonje msanga. Anapinda mutu chammbali n'kunena kuti mlamu wawo wasokonezeka ndi chimwemwe cha tsikuli. Anati mwina wotayipa analakwitsa pa kalata ya a Malata, koma ya Azamba anaiona ndi maso awo ikusayinidwa, 10 koloko m'mawa.

Apa ndinatulutsa kalata yomaliza. Ndinaiika pang'onopang'ono, chifukwa mwayi wotere subwera kawiri pa ntchito yathuyi ndipo ndinafuna kuumva kukoma.

"Nanga a Chipewa anabwera nthawi yanji Lolemba limenelo, bwana mlembi?" ndinafunsa. "Azamba asanafike, kapena atapita?"

A Bweranimawa anayang'ana siginecha ya malemu, n'kuyang'ana yawo ili pansi pake, pakamwa pali yasa. Kalaliki anavula magalasi, kuwapukuta, n'kunena kuti pa zaka zake zonse m'Nyumbayo aka kanali koyamba kulandira kalata ya phungu amene watha masiku asanu ndi anayi ali m'manda. Mlembi uja atapeza mawu anapempha kuti nkhaniyi tikambirane mawa, mitima itakhala pansi. Bwana wanga, amene anaima pachitseko nthawi yonseyi, anawayankha kuti ku polisi malo alipo lero.

Kalaliki anatenga makalata onse kupita nawo kwa Sipikala. Anatha mphindi makumi anayi, ndipo ine ndinaziyenda zonse m'khonde, uku ndi uku, mpaka Azamba anandiuza kuti ndikhale pansi ndikuwazunguza mutu. Kalaliki atabwera anaima patsogolo pa benchi ija n'kulankhula ngati akuwerenga chikalata. Anati kalata yosayinidwa mpando usanatsale ilibe mphamvu pamaso pa lamulo, ndiye wachiwiri pa mndandanda sanakane chilichonse. Mwambo ukhalapo 2 koloko monga anakonzera, koma wolumbira ndi wina.

Azamba anagwira dzanja langa n'kulifinya ndi mphamvu za munthu wozolowera kugwira amayi pa nthawi yowawa. Kenako anadziyang'ana n'kunena kuti sangalowe m'menemo ali mu yunifolomu. Kalaliki anati lamulo limafuna chovala chaulemu, ndipo iye sanaonepo chaulemu kuposa chimenecho. Amuna awo anatulutsa chipeso m'thumba la malaya n'kuyamba kuwakonza tsitsi pomwepo pa benchi, misozi ikutsika, manja okha ali osanjenjemera.

*

Ine ndinakwera kumtunda kumene kumakhala alendo. Kunadzaza anthu a a Malata, atavala zaphwando, ambiri asanamve chimene chachitika. Chitseko chachikulu chitatseguka anaimirira kuti aone suti, koma analowa mayi wamfupi wa nsapato zafulati, akuyenda mofulumira ngati waitanidwa ku wodi. Kunamveka manong'onong'o, ena anakhala pansi, ena anatuluka.

Azamba anakweza dzanja n'kulumbira. Mawu awo anamveka mpaka kumene ndinali. Sipikala anawagwira chanza, ndipo msilikali wa m'Nyumbamo anawatsogolera pakati pa mizere ya aphungu mpaka pa mpando wa chigawo chathu. Anaima pamenepo pang'ono, n'kukhala.

Mtima wanga unadzaza chimwemwe choti sindinathe kuchisunga. Posakhalitsa msilikali wina anakwera kudzandinong'oneza kuti kumtunda kuno alendo saloledwa kuomba m'manja, makamaka wapolisi amene ali mu yunifolomu. Ndinamuuza kuti ndamva, ndipo ndinapitiriza kuomba.